Mkamwini Ndinakamuonera ku Durban

Anthu a ku Kabulonga anabwera kwathu ku Chilenje Loweruka lina m'mawa pa magalimoto awiri akuluakulu amene anatseka kamsewu kathu konse, moti wogulitsa makala anachita kunyamula njinga yake kuti adutse. Anabwera kudzafunsira Taonga, mwana wa mlongo wanga Esinati. Bambo ake a Taonga anamwalira mwanayo akadali ku pulayimale, choncho nkhani ngati zimenezi zimagwera ine, malume wake. Alendowo analankhula mwaulemu, anatchula sukulu zonse zimene mnyamata wawo anapitako, ndi ntchito yake ya ku doko la Durban yotulutsira anthu magalimoto ochokera kunja. Chimene sanabwere nacho chinali mnyamatayo.

"Nanga mwini nkhaniyu ali kuti?" ndinafunsa.

Mkulu amene ankawalankhulira anatulutsa foni n'kundionetsa munthu wa magalasi akuda atatsamira galimoto yoyera.

"Ni uyu Brian, ba Sakala. Nchito yamuchulukila, na kolona iyi muziba mweka, kuyenda ni kovuta."

Ndinawauza kuti ine ndaphunzitsa ana mpaka kupuma ntchito, ndipo sindinakhozetsepo mwana mayeso chifukwa choona chithunzi chake. Ngati mnyamatayo sangabwere ku Lusaka, ndipita ineyo kukamuona komwe aliko. Ndinanena zimenezi kuti achite manyazi amuitane. Sanachite manyazi. Anangoti chili bwino, n'kumaliza zakumwa zathu, n'kumapita. Amene anandigwira pakamwa ndi Esinati.

"Mwanena nokha, alongo. Tipita tonse. Ine mawu a mwana wanga pa foni sakundisangalatsa."

Taonga anapita ku Durban matendawa asanabwere, ndipo ankagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kolona itavuta malowo anatseka, ntchito inatha, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Brian linayamba kumveka. Mafoni a Taonga anayamba kufupika. Kale ankacheza ndi amayi ake mpaka mayunitsi kutha, tsopano zinangokhala "ndili bwino amama, ndiyimbanso," basi.

Ulendo unayambira m'mphuno. Masiku amenewo sukanawoloka malire popanda pepala losonyeza kuti wayezetsa ndipo ulibe matendawa, ndipo pepalalo linkagwira ntchito masiku atatu okha. Tinaima pamzere m'tauni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo, kuti mtsikana wovala ngati wopita kumwezi atipise kandodo ka thonje m'mphuno mpaka misozi mbwembwembwe. Ndalama zake zinatsala pang'ono kufanana ndi za tikiti ya basi. Pepala tinakatenga mawa lake, ndiye kuti tsiku limodzi linali litadyeka kale tisanakwere n'komwe.

Kusiteshoni ya mabasi anatiuza kuti tifike mbandakucha chifukwa basi sidikira munthu. Tinafika mbandakucha. Basi inalipo, dalaivala kunalibe. Dzuwa linatuluka. Ogulitsa zitumbuwa analowa n'kutuluka, mlaliki analalikira mpaka kutolera chopereka, wa mankhwala ochiza mano ndi m'mimba m'botolo limodzi nayenso anamaliza zake, basi ili chiimire. Injini ankangoiliza kuti tiziganiza kuti tikunyamuka. Ndinapita kwa kondakitala.

"Kodi tikudikira chiyani?"

"Manje manje ba tate, nkalani pansi. Tiyembekeza chabe katundu."

"Katunduyo nayenso ali ndi pepala la masiku atatu?"

Anangotembenuka n'kumapita. Mayi wina wojintcha wa mpando woyandikana ndi wathu anaseka mpaka masiki kugwera pachibwano. Anali bana Chola, kutanthauza mayi ake a Chola, wa ku Kitwe koma wokhala ku Kabwata, amene ankapita ku Joni kukaoda mabulangete. Njira imeneyi ankaidziwa ngati khonde la nyumba yake.

"Ba tate, sungani mtima," anatero. "Mukayamba kukalipa pano pa Lusaka, ku Botswana muzakalipa na chani?"

Tinanyamuka masana. Tikuyandikira Kafue kondakitala anakuwa kuti apolisi ali kutsogolo, aliyense anakokera kansalu kake kophimba pakamwa m'mwamba, titadutsa n'kukatsitsanso. Mazabuka ndi nzimbe zake, Monze, zonsezo ndinaziona ndi diso limodzi. Ku Choma anatipatsa kanthawi kochepa kuti tikadzithandize, chimbudzi chake cholipira, mzere wake wautali, ndipo ndisanamange n'komwe lamba hutala inali ikulira kale ngati kuti ochedwetsa ulendo ndife. Chifukwa cha katundu uja tinafika ku Livingstone kutada, ndipo poti mabasi saloledwa kuyenda usiku kwathu kuno, tinagona momwemo, mawondo pachifuwa, udzudzu ukudya mwaufulu.

M'mawa mwake tinafika pa malire a Kazungula. Kale pamenepa anthu ankawoloka pa pantoni, chombo chonyamula magalimoto pamtsinje, tsopano pali mlatho watsopano wokhota ngati chikwakwa, ndipo ena anaimirira kuti aujambule. Ine maso anali pa wotchi. Anatiloza pamphumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Tinaponda m'madzi a mankhwala ndi nsapato zathu, ndi za m'chikwama zomwe, poopa matenda a ng'ombe. Kenako bana Chola anatinong'oneza kuti nyama siiloledwa kuwoloka. Esinati anali atakazinga nkhuku yathunthu ya kamba wa panjira, chifukwa ine ndili ndi matenda a shuga ndipo sindiyenera kukhala nthawi yaitali osadya. Tinaima pafupi ndi mpanda n'kuyamba kuidya mothamanga ngati akuba, uku tikugawira aliyense wodutsa. Kamba wa ulendo wonse anathera pampanda pamenepo.

Tikuti tamaliza, panabuka ina. Mwamuna wina wa jekete lachikopa anapezeka ndi pepala labodza, logula kwa anyamata a pasiteshoni ku Lusaka. M'malo momusiya, kondakitala anayamba kumuchonderera kwa akuluakulu, chifukwa theka la katundu uja tinadikira linali lake. Basi yonse padzuwa chifukwa cha munthu mmodzi. Ndinapita kwa mwamunayo.

"Iwe, tonsefe tinaima pamzere, tinatuluka misozi, tinalipira. Iweyo ndiwe ndani?"

"Mudala, si nkhani yanu iyi."

"Ndi nkhani yanga! Pepala langa likufa chifukwa cha bodza lako!"

Anthu ena anandithandiza kukuwa. Pamapeto pake anatsitsa mabelo ake, ntchito inanso yaitali chifukwa anali pansi pa katundu wa anthu ena onse. Tinamusiya atakhala pamwamba pa mulu wake akuimba foni.

Msewu wa ku Botswana ndi wowongoka ngati chingwe, tchire uku ndi uku, mudzi osaoneka. Tisanafike ku Nata kunamveka phwaa kumbuyo, fungo la mphira wopsa linadzaza m'basi, dalaivala anaimika pambali. Lamba wa injini anali ataduka, ndipo wina wapadera analibe. Basi yodutsa mayiko atatu, yopanda lamba wapadera! Anati makaniko achokera ku Francistown, ndipo anatichenjeza kuti tisapite patali pokadzithandiza chifukwa kuderali kuli njovu. Apa pokha sananame, ndowe zake zinali mbwee m'mbali mwa msewu, zina zikadali zaziwisi. Azimayi ankapita m'magulu kuseri kwa basi atatambasulirana zitenje. M'kati munali ngati mu uvuni. Kunja mthunzi unali wa basi yokhayo, ndipo tinkasuntha nawo dzuwa likamayenda, anthu akuluakulu ndi ndevu zathu kukanganirana kachigawo ka mthunzi ngati nkhuku.

Chakumadzulo manja anga anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira likutsika pamsana. Esinati anazindikira, n'kuyamba kupisapisa m'chikwama chopanda kanthu chija. Bana Chola anatulutsa maswiti ndi chikanda chokulunga m'pepala.

"Idyani ba tate. Mukafela muno bazatisunga sabata yonse."

Ndinadya. Esinati anabwereka foni ya bana Chola, imene inali ndi simu ya dziko limenelo, kuti auze Taonga kuti tachedwa. Atabwerako anakhala pafumbi pafupi nane.

"Ndaimba nambala ya mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Wayankha ndi Brian. Akuti Taonga akusamba. Dzulonso ankasamba."

Makaniko anafika dzuwa likulowa, atatenga lamba wosakwana. Anamuyesa uku, anamuyesa uku, anakanda m'mutu, n'kubwereranso ku Francistown. Mawu amene ndinanena pamenepo sindingawabwereze, ndine mkulu wa mpingo. Tinagona patchire pomwepo zitseko zili zotseka, ndipo lamba woyenera anabwera dzuwa litakwera kale. Mapepala athu onse anafera pakati pa ndowe za njovu.

Pamalire olowera ku South Africa anatiuza zimene tinkadziwa kale, kuti mapepala atha mphamvu. Tinayenera kuyezetsanso mu tenti ina pambali, n'kulipiranso. Ndinafunsa kondakitala ngati eni basi alipira, poti lamba anali wawo.

"Awe ba tate, ngozi ni ngozi."

Esinati anali atayamba kutsokomola chifukwa cha fumbi lija, ndipo pamzere anthu ankamuthawa. Bana Chola anamuuza kuti chifuwacho achimeze mpaka tiwoloke. Kandodo kanalowanso m'mphuno. Anatipatsa kachipangizo koyera kuti tizikayang'ana: mzere umodzi ndiye kuti pita, iwiri ndiye kuti bwerera komwe wachokera. Mlongo wanga anakagwira ndi manja awiri, milomo ikuyenda. Unatuluka umodzi.

Ku Johannesburg bana Chola anatiperekeza mpaka pakhomo la basi ya ku Durban, anatiuza kuti chikwama chizikhala kutsogolo osati kumbuyo, n'kusowa m'chigulu cha anthu. Basi imeneyo inanyamuka pa nthawi yake, inadutsa mapiri mvula ikugwa, ine ndinagona njira yonse. Taonga anatichingamira yekha. Anali atawonda, makutu akuoneka aakulu. Anakumbatira amayi ake nthawi yaitali, koma foni italira anawasiya msangamsanga.

"Afika. Eee. Tikubwera pompano."

Brian anali atatilipirira chipinda kunyumba ya alendo, ndipo anati tionana mawa lake, Lamulungu, akatitengera kokadya kunyanja.

Ndinene zoona, poyamba anandigwira mtima. Anapinda bondo popereka moni, anatsegulira Esinati chitseko cha galimoto, anafunsa za shuga wanga.

"Ba malume, lelo muzadya nsomba yamene simunadyepo. Iyi si kapenta ya pa maliketi."

Nyanjayo ndinaiona: madzi osaoneka tsidya, mphepo yamchere, anthu ovala moperewera. Lesitilanti yake inali ya magalasi okhaokha. Pakhomo anamatapo pepala lopempha odzadya kuti aleze mtima chifukwa antchito ndi ochepa. Khirisimasi inali pafupi, anthu a tchuthi anali thithithi, chikhalirecho matebulo ena anali atawazinga ndi tepi kuti anthu azitalikirana. Tinaima pakhomo mpaka miyendo kuwawa. Titapeza tebulo, mbale za amene anadyapo kale zinali pomwepo, ntchentche zili pa phwando. Buku la zakudya kunalibe, akuti uloze foni pa kachizindikiro ka patebulo, zakudya zionekera m'fonimo. Yanga ndi ya mabatani. Ndinailozabe, kuti aone.

Mu holo yonseyo operekera zakudya anali awiri, mwamuna wina wamtali ndi mayi wocheperako pang'ono kwa Esinati. Sankayenda, ankathamanga. Uyu akuitana, uyo wakweza dzanja, mwana watayira madzi pansi, kukhitchini belu likulira. Ife palibe anatiyang'ana. Njala inandigwira, ndipo mkwiyo wonse wa panjira unabwerera.

"Ndadutsa mayiko atatu kuti ndidzafe ndi njala m'nyumba ya magalasi?" ndinatero mokweza.

Mayi uja ankadutsa ndi mbale zosanjikiza mpaka pachibwano. Anaima.

"Pepani bambo, ndakumvani," anatero m'Chichewa chosasakaniza. "Tatsala awiri. Anzathu ena ali kunyumba ndi matendawa, ena anawachotsa chaka chatha ndiye sanabwererenso. Wophika naye ali yekha. Ndikubwera."

Ndinamufunsa dzina. Dzina lake linali Loveness, kwawo ku Mulanje. Esinati anamuuza za shuga wanga, ndipo posakhalitsa anabwera ndi buledi, batala ndi tiyi, n'kuziika patsogolo panga asanafunse n'komwe zimene tidye. Pamkono pake panali zipsera za mbale zotentha, zakale ndi zatsopano.

Taonga maso ake ankangotsatira mayiyo kulikonse. Mosazindikira anayamba kusanjikiza mbale zakuda zija, mafoloko pamwamba, monga ankachitira pa ntchito yake. Brian anamumenya kadzanja.

"Siya ivo."

Anasiya, manja n'kuwabisa pansi pa tebulo.

Tinaitanitsa chakudya, n'kuyamba kudikira. Banja la patebulo loyandikana nalo linatopa n'kumapita. Brian anayamba ndi kuliza zala. Kenako likhweru, ngati akuitana galu. Loveness akamadutsa, Brian ankamulankhula m'Chingerezi, kuti ndi waulesi, kuti anthu ngati iyeyo ndi amene amachititsa kuti alendo azinyozedwa m'dziko la eni, kuti iye akhoza kugula malo onsewa ndi mayiyo momwemo. Ankati akanena n'kundiyang'ana ine, ngati mwana amene akuonetsa mphunzitsi kuti wakhoza samu. Ndinamuuza kuti ine ndadya buledi, ndili bwino, asiye. Anati ayi ba malume, anthu awa ukawalekerera amakukwera pamutu.

Chakudya chinabwera dzuwa litapendeka. Nsomba imene Brian anaitanitsa inali itatha, wophika anaika ya mtundu wina, ndipo Loveness ankafotokoza zimenezi uku akutsitsa mbale. Sanamalize. Brian anaikankha mbaleyo ndi kuseri kwa dzanja. Msuzi wotentha unakhuthukira pamkono wa mayiyo, mbale inagwa pansi n'kusweka.

Woyamba kudzuka anali Taonga. Anagwada pansi n'kuyamba kutola zidutswa, akunena kuti pepani mayi, pepani.

"Nyamuka apo!" anakuwa Brian. "Ninakuchosa mu nchito ya ukapolo iyi, manje ufuna kunichitisa nsoni pa bantu?"

Anaweramira komwe kunali Taonga atatambasula dzanja. Kaya ankafuna kumudzutsa kaya chiyani, sindikudziwa. Chimene ndinaona ndi ichi: Taonga anataya zidutswa zija n'kuphimba mutu ndi mikono yonse iwiri, khosi atalipinda, maso atatsinzina, akudikira. Dzanjalo linali lisanamukhudze n'komwe. Ndaphunzitsa ana ambiri ine. Mwana amene samenyedwa kwawo sachita choncho.

Esinati anaimirira, anatenga jagi ya madzi ozizira n'kuthira pamkono wa Loveness pang'onopang'ono, madzi akuyenderera pansi pa anthu olemera aja. Kenako anadzutsa mwana wake.

"Tiye panja."

Mwini malo anabwera akuthamanga kuchokera pa kauntala. Ndinaganiza kuti wabwera kudzatulutsa Brian. Anabwera kudzamupepesa! Anati mbale imeneyo asalipire, amuphikira ina, ndipo anauza Loveness, mkono uli psuu, kuti akatenge chokolopera. Mayiyo anapita kukatenga.

"Ba malume, nachitila imwe," anatero Brian titatsala awiri. "Muli na shuga, mwayembekeza maningi."

"Usandilowetsemo ine. Amene wandidyetsa pano ndi mayi amene wamuwotchayu."

"Ni wanchito uja, bamulipila."

"Nanga mwana wathu? Nayenso umamulipira?"

Anaseka kaseko ka pamphuno, n'kutsamira mpando.

"Mu nyumba yanga muli vonse. Mumufunse ngati anagonapo na njala."

Ndinaimirira.

"Ndinauza akwanu kuti ndikufuna ndikuone ndi maso. Ndakuona. Ukawauze kuti a Sakala akana."

Ndinawapeza panja atakhala pa benchi, mphepo ikuwomba zitenje. Taonga ankayang'ana madzi. Ndinakhala mbali inayo.

"Taonga, amakumenya?"

Anayankha maso akadali pa madzi.

"Osati tsiku lililonse, amalume."

Esinati anatulutsa kamawu kamene sindinamumvepo, ngakhale pa maliro a mwamuna wake.

"Tenga zovala zako," ndinatero. "Mawa tikwera basi tonse."

Apa m'pamene anatembenuka, maso ali gwa.

"Ndikatani ku Chilenje? Malo onse atatseka kuno, lendi itandikanika, ndinagona m'khitchini mwa mnzanga mpaka naye anandithamangitsa. Anandidyetsa ndani? Inu munali kuti? Mukuona mayi uja mmene akuthamangiramo? Ndi mmene ndinalili ine, ndipo tsiku limene anatseka anatiuza pa foni. Brian yekha ndi amene anabwera."

Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinamufunsa za pasipoti yake. Anati amasunga ndi Brian, kuti isasowe. Kumsewu hutala ya galimoto ya Brian inalira kawiri. Taonga anadzidzimuka, anapukuta m'maso, anagwira dzanja la amayi ake, n'kuthamangira ku galimoto. Ife anatisiya pomwepo.

Ndinayamba kuyendayenda ndikukalipa, kuti ndipita kupolisi, kuti ndikamuthyola khosi Brian, kuti akwawo onse andimva. Esinati anandisiya ndithe kaye.

"Alongo, mankhwala anu atsala ochepa. Inu bwererani. Ine nditsala."

"Utsala kuti? Ukudziwa ndani kuno?"

Anaimirira n'kulowanso mu lesitilanti muja. Kudzera pagalasi ndinamuona akulankhula ndi Loveness pafupi ndi khomo la kukhitchini, mayiyo atamanga kansalu pamkono, thireyi ili m'dzanja linalo. Sanalankhule nthawi yaitali, belu linali likulira. Atatuluka anati Loveness amakhala m'chipinda chimodzi ndi mng'ono wake, koma pansi pali malo a mphasa.

Ndinakangana naye mpaka mawa lake, osaphula kanthu. Mlongo wanga ndi munthu wofatsa, wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, koma akati watero watero. Ndinabwerera ndekha, mphuno anaipisanso. Basi yobwerera sinafe panjira, sinadikire katundu, ndipo ngakhale zimenezo zinandipsetsa mtima, chifukwa inkandithamangitsa kundichotsa komwe ndinkafunika.

Ku Lusaka ndinapeza mbiri yanga itafika kale. Akuti a Sakala ndi odzimva, anawalipirira chipinda, anawatengera kokadya kwa azungu, iwo n'kukachita chipongwe chifukwa chakudya chinachedwa. Mkulu uja wa foni anandiimbira kuti tikambirane monga akuluakulu, achinyamata amakangana, banja ndi kupirira. Ndinamufunsa ngati mwana wake wamkazi amaphimba mutu mwamuna wake akatambasula dzanja. Anadula.

Esinati ankaimba Lamulungu lililonse pa foni ya Loveness. M'mawa uliwonse ankakwera minibasi n'kukakhala pa kakhoma koyang'anana ndi geti la nyumba zosanja kumene Brian ankakhala. Sankagogoda, sankakuwa. Ankangokhala, kuti mwana akasuzumira pawindo aziona kuti amayi ake alipo. Mlonda anayamba wamuthamangitsa, kenako anazolowera n'kumamupatsa mpando. Khirisimasi inadutsa, chaka chatsopano chinalowa. Ndikamufunsa kuti zikuyenda bwanji ankangoti, "Dzulo anandibayibitsa," kapena, "Lero makatani sanatsegule."

Chimanga chitayamba kumasula m'timinda ta kuseri kwa nyumba, foni inalira pakati pa sabata.

"Alongo, tapeza pepala loyendera m'malo mwa pasipoti. Tikubwera awiri."

Sananene zambiri ndipo ine sindinafunse. Tsiku lofika ndinapita kusiteshoni m'mawa, basi inafika madzulo. Esinati anatsika poyamba, atada ndiponso atachepa. Pambuyo pake panatsika Taonga ndi kachikwama kamodzi. Mkono wake wamanzere unali m'chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, ndipo pamwamba pa diso panali ulusi wa kuchipatala.

Ndisanafike pomwe anaima, mwamuna wina mwa oitanira matakisi anathamangira kukalanda kachikwamako monga amachitira, n'kumugwira paphewa kuti amukokere ku galimoto yake.

"Usamugwire!"

Ndinakuwa mpaka siteshoni yonse inatembenuka. Ndinali nditamugwira kale pakolala, ine nkhalamba ya shuga, ndikumugwedeza. Mwamunayo anasiya chikwama n'kukweza manja m'mwamba.

"Sole ba tate, sininaone kuti ni odwala. Sole maningi."

Taonga anandigwira mkono ndi dzanja lake labwinolo.

"Amalume, musiyeni. Ameneyu alibe mlandu."

"Ndikudziwa," ndinatero, kolala ndisanaisiye. "Koma ndi amene ali pafupi."